Melanoma yafika kudiso la amayi, tithandizeni nzeru

Abale anga, ndili ku Linthipe, Dedza. Chaka chatha amayi anawachotsa chilonda chakuda pansi pa phazi, atapima anati ndi khansa yapakhungu yotchedwa melanoma. Panopa diso lakumanzere latong'oka, chikope chatupa, ndipo chinthu chimodzi akumachiona ngati ziwiri. Adokotala akuganiza kuti khansayo yafalikira kuseri kwa diso, choncho atitumiza ku Kamuzu Central kukajambulitsa CT scan ndi kudula kanyama kokapima.

Inu amene munadwazikapo matendawa, zotsatira za kanyamako zimatenga masabata angati? Akapeza kuti ndi yomweyo, amayamba n'kuwotcha ndi makina kapena opaleshoni? Amayi sakugona, akuopa kuti awachotsa diso, ndipo ine sindikufuna kuwanamiza. Tiuzeni zoona. Nanga wodwazika amagona pati kumeneko?