TV yanga ikumangozungulira usiku pomwe pa foni kanema akuyenda, vuto lili pati?

Membala wosatchula dzina:
Moni nonse m'gulu muno. Ndithandizeni nzeru akuluakulu ndisanawononge ndalama. Ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Tili ndi smart TV ya mainchi 43 ya Android, ndipo intaneti timagwiritsa ntchito rauta ya 4G ija yolowetsa simukhadi, bando ya pamwezi. M'mawa ndi masana zonse zimayenda bwino. Koma ikangokwana 7 koloko madzulo, mavuto ayambika. Kanema akayenda pang'ono waima, kachizindikiro kaja n'kumangozungulira pakati pa sikirini. Akayambanso, chithunzi chimachita mbuu moti sungadziwe amene akuyankhula. Mayi akunyumba amaonera mapemphero ndi mafilimu pa YouTube, ine Netflix, koma konseko ndi chimodzimodzi. Chondizunguza mutu n'chakuti kanema yemweyo ndikamutsegula pa foni, pa WiFi yomweyo, amayenda osadukiza. Amene anandigulitsa TV akuti ndigule ka box, mlamu wanga akuti TV-yo ndi feki. Rauta ili m'kabati pansi pa TV. Nyumba ndi ya njerwa zowotcha, denga la malata. Ana awiri ali ndi mafoni awo. Ndiyambire pati?

Mfana wa ku Ndirande:
Bwererani pa dishi bigi, kumeneko imaduka pokhapokha kukagwa mvula 😂

Bambo a Takondwa:
Achimwene, box-yo muyambe mwaisiya kaye, TV-yonso musaiimbe mlandu msanga. Ine ntchito yanga ndi yoika ma netiweki m'maofesi ku Limbe kuno, dandaulo limeneli ndimalimva kawirikawiri. Kanema asanafike pamaso panu amadutsa misewu iwiri: kuchoka pa nsanja ya netiweki kufika pa rauta, kenako kuchoka pa rauta kufika pa TV. Tiyenera kudziwa msewu umene wawonongeka.

Nkhani ya foniyo isakupusitseni. Sikirini ya foni ndi yaing'ono, ndiye YouTube imatha kukupatsani chithunzi chotsika cha 360p kapena 480p inu osaona kusiyana kulikonse. 480p imangofuna liwiro la 1.1 Mbps (Mbps ndi muyezo wa liwiro la intaneti). TV imalimbana ndi 1080p, yomwe imafuna 5 Mbps yosagwedera, ndipo 4K pa YouTube imafuna 20 Mbps. A Netflix nawo amanena kuti 720p imafuna 3 Mbps, 1080p imafuna 5, 4K imafuna 15. Ndiye intaneti ikatsika kufika pa 2 Mbps, foni imasekerera pomwe TV ikulira.

Chitani izi lero lomwe. Tsegulani fast.com, webusayiti yoyezera liwiro la intaneti, pa foni, data ya m'foni muzimitse kuti muyeze WiFi yokhayokha. Yezani mutaima pafupi ndi TV m'mawa, mudzayezenso 8 koloko usiku. Mubwere nazo nambalazo.

Mayi a Yankho:
Bambo, mwati rauta ili m'kabati? Itulutseni. Yathu inali kuseli kwa TV pamodzi ndi dikoda ndi mawaya a sipika, magetsi ake osonyeza netiweki ankayaka awiri okha. Titaiika pa zenera loyang'ana kumsewu anayaka onse. Malata ndi njerwa zimatchinga kwambiri. Komanso ana aja muwafunse bwinobwino zimene amachita ndi mafoniwo madzulo. Wanga ankatsitsa magemu ife tili pa filimu, kwinaku TikTok ili mkati, iye ali phee kuchipinda ngati wagona.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo mayi. Ndinkaiika m'kabati poopa kuti wamng'ono aigwetsa, koma ndiyesa. Bambo a Takondwa, ndayeza. M'mawa pafupi ndi TV inali 17 Mbps. Usiku uno ikusinthasintha pakati pa 2 ndi 3. Ndapita nayo rauta pa zenera la kuchipinda chodyera, yakwera kufika pa 7.

Bambo a Takondwa:
Basi nkhani yaoneka. Rauta yomweyo, malo omwewo, m'mawa 17, usiku 2. TV singachite zimenezo, ndiye mlamu wanu mumuuze kuti TV ilibe mlandu. Nsanja imodzi imagawira anthu onse a m'dera lanu. Masana ambiri ali kuntchito ndi kusukulu, madzulo aliyense wabwerera ndipo wagwira foni. Zili ngati pa mjigo, m'bandakucha umatunga mwachangu koma dzuwa likapendeka uyenera kukhala pa mzere. Ndipo nthawi yothithikanayo, amene siginolo yake ndi yofooka ndi amene amavutika kwambiri. N'chifukwa chake pa zenera mwapeza 7.

Magetsi a pa rauta aja amangopereka chithunzithunzi. Mukafuna kudziwa zenizeni, tembenuzani rauta, pansi pake pamalembedwa adiresi yolowera, kawirikawiri 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1. Ilembeni pa foni pamene mumalemba mawebusayiti, mulowe, mufufuze pamene alemba RSRP, nambala yosonyeza mphamvu ya siginolo yochokera pa nsanja. Ikakhala cha m'ma -85 muli bwino, ikafika -110 ndiye kuti rauta ikungonunkhiza netiweki. Yendani nayo mazenera onse a nyumbayo, muiike pamene nambala ili bwino, pamalo okwera. Ena amaiika pamwamba pa filiji kapena pafupi ndi microwave, ayi ndithu, microwave ikayaka imasokoneza WiFi ya 2.4 GHz.

Che Bwanali:
Inu mukungozungulira. Gulani Starlink, intaneti ya pa setilaiti ija, ilipo ku Malawi kuno kuyambira 2023. Nkhani yatha.

Mayi a Yankho:
Che Bwanali, munthu wanena kuti sakufuna kuwononga ndalama, inu mukumutumiza kogula mbale ya m'mlengalenga? Si tonse tili ndi thumba ngati lanu.

Asisi a ku Zomba:
Ine ndingowonjezera za bando. Muwerenge malamulo ake. Ma bando ena amene amati alibe malire amakhala ndi mlingo wobisika, mukaupyola amakutsitsani liwiro mpaka mwezi uthe. Ngati vutoli limakula cha kumapeto kwa mwezi, ganizirani zimenezo. Ndipo TV imadya data koopsa. Netflix pa HD imatha kudya mpaka 3 GB pa ola limodzi, pa 4K mpaka 7 GB. Mukalowa mu akaunti yanu pa foni kapena pa kompyuta, pa Playback settings, n'kusankha Medium, imadya cha m'ma 0.7 GB pa ola. Pa TV ya mainchi 43 mutakhala pa sofa chithunzi chimatsika ndithu koma chimaoneka, ndipo filimu imatha bwinobwino. Pa YouTube dinani ka giya kaja kanema ali mkati, pa Quality musankhe 720p m'malo mosiya pa Auto. Imeneyo imangofuna 2.5 Mbps.

Achimwene a ku Joni:
Ine kuno ku Johannesburg ndili pa fibre, intaneti yothamanga yobwera pa chingwe, koma TV inkajamabe, chifukwa m'ma flat muno WiFi ya aliyense imalimbana ndi ya mnzake. Chinandithandiza ndi chingwe cha LAN, kuchoka pa rauta kukalowa kumbuyo kwa TV. Ma TV ambiri kachipangizo kawo kogwira WiFi ndi kofooka kuposa ka m'foni, komanso kali kumbuyo, koyang'ana khoma. Ngati chingwe sichitheka ndipo rauta yanu imaonetsa mayina awiri a WiFi, lina lothera ndi 5G kapena 5GHz, TV muilumikize ku limenelo, mafoni a ana akhale pa linalo. Koma 5 GHz siidutsa bwino makoma, imafuna rauta ikhale chipinda chimodzi ndi TV.

Mfana wa ku Ndirande:
Zoseka pambali, box akukuuzaniyo musamale nayo. Ngati ndi zija zodzaza ndi matchanelo a mpira aulere, zimajama ngakhale intaneti ikhale yothamanga bwanji, chifukwa vuto limakhala komwe kukuchokera kanemako. Tsiku la gemu yaikulu mumangomva anthu akukuwa kwa aneba, inu mpira udakali pakati pa bwalo.

Membala wosatchula dzina:
Ndabweranso akuluakulu. Rauta ndaikhomera kashelefu pamwamba pa zenera la kuchipinda chodyera, RSRP yachoka pa -108 kufika pa -92. YouTube ndaiika pa 720p, mafoni a ana ndazimitsa zoti azitsitsa okha ma update. Dzulo mayi aonera mapemphero onse osaima. Koma Netflix inajamabe pang'ono cha m'ma 8 koloko, ndipo tsopano pakati pa rauta ndi TV pali khoma. TV ikuonetsa timizere tiwiri ta WiFi. Nanga pamenepa?

Bambo a Takondwa:
Msewu woyamba mwaukonza, watsala wachiwiri. Rauta isachokenso pa zenerapo. Tsatirani zimene anena achimwene a ku Joni. Pitani mu shopu ya makompyuta mukapemphe chingwe cha LAN cha mtundu wa Cat5e kapena Cat6, akudulireni mulingo womwe mukufuna n'kukuikirani mitu yake mbali zonse, ndipo achiyese inu mukuona. Chimagwira ntchito mpaka mamita 100, ndiye mukhoza kuchidutsitsa m'mbali mwa khoma kapena kudenga popanda nkhawa. Mukalumikiza, zimitsani WiFi pa TV kuti izidalira chingwe chokha.

TV-yonso muziizula ku soketi kwa mphindi imodzi kamodzikamodzi, chifukwa rimoti imangoigoneka, siizimitsa kwenikweni. Pa Android TV lowani pa Settings, Apps, musankhe Netflix kapena YouTube, mudine Clear cache. Musadine Clear data, ikutulutsani mu akaunti muyambe kusaka pasiwedi usiku. Mukatero tsegulani Netflix pa TV pomwepo, pa Get Help pali Check your network, ikuuzani liwiro limene likufika pa TV-yo. Ikamaonetsa pansi pa 3 Mbps nthawi ya 8 koloko muli pa chingwe, ndiye kuti nsanja ya kwanuko yadzaza basi. Pamenepo bwerekani simukhadi ya kampani ina kwa aneba, ngati rauta yanu si yokhoma, muyese usiku umodzi musanagule bando ina.