Abilimankhwe awiri m'khola limodzi, n'zotheka?

Abale, ndigaireni nzeru. Mwana wanga kuno ku Johannesburg akuweta abilimankhwe awiri a mtundu wa ku Yemen, wamwamuna ndi wamkazi. Agogo ake kumudzi atamva anangogwira pakamwa! Tinawaika m'khola limodzi la waya, koma wamkaziyo tsopano wada bii, akungokhala pansi pakona, ziwala osadya. Mnzakeyo akamuyandikira, iye amafufuma thupi n'kuyasamula kukamwa ngati aluma.

Wogulitsa anati palibe vuto poti akadali aang'ono, komatu ine ndikuona kuti tinyamati timakonda kukhala patokha. Kodi ndigule khola lachiwiri, kapena kungogawa lomweli pakati ndi thabwa kuti asamaonane n'kokwanira? Nanga nyali imodzi ya UVB, yowapatsa kuwala konga kwa dzuwa, ingawakwanire onse? Amene munawetapo, chonde ndiuzeni msanga asanatifere.