Tinthambi ta Easter cactus tikungowola, ndithandizeni

Wofunsa: Abale, thandizeni. Easter cactus yanga, chomera cha m'poti cha tinthambi ta mfundomfundo, inachita maluwa ofiira bwino kwambiri, ndiye ndinathyolako tinthambi kuti ndichulukitse. Ndadzala katatu, koma katatu konse tangowola kunsi. Eni nyumba akukana kukonza zenera, ana a aneba amagwetsa mapoti pakhonde, alamu anga nawonso akuti ndikutaya ndalama pa zinthu zosadyedwa. Mutu wandiima. Ndikulakwitsa pati?

Bambo Dothi: Dothi, mayi, DOTHI! Anthu mukamva kuti cactus mumaganiza za chipululu. Kwawo kwa ichi ndi nkhalango za kumwera kwa Brazil, chimamera panthambi za mitengo, mizu yake imafuna mpweya. Sakanizani magawo awiri a dothi la m'mapoti ndi gawo limodzi la perlite (timiyala toyera topepuka) kapena mchenga wokhakhala wa kumtsinje. Dothi la kudimba limagwirana n'kutsamwitsa mizu.

Mayi Wamaluwa: Simunanene, mumadzala tsiku lomwe mwathyolalo? Potokolani pamfundo, osadula pakati. Kanthambi kakhale ka mfundo ziwiri kapena zitatu, mukasiye pamthunzi masiku 2 kapena 3 kuti bala liume. Bala laliwisi likakhudza chinyezi, kuwola kumayambira pomwepo.

Bambo Dothi: Liume bwanji balalo, m'dothi loipa chiwolabe.

Mlongo wa ku UK: Ikani m'kabotolo ka madzi, nsonga yokha ndiyo ikhudze madziwo, muzisintha sabata iliyonse. Mizu muziyiona ndi maso.

Bambo Dothi: Ayi! Mizu ya m'madzi ndi yofewa, imathyoka posamutsa. Musawasocheretse mayiwa.

Mlongo wa ku UK: Mukasamutsa mizu ikangofika masentimita awiri sizivuta. Gululi si lanu nokha, bambo.

Mayi Wamaluwa: Pobzala, lowetsani sentimita imodzi kapena awiri basi, mbali yomwe munathyolayo iyang'ane pansi. Ikani powala koma posawomba dzuwa la masana, potentha madigiri 18 mpaka 24. Thirirani pang'ono, mudikire pamwamba paume musanathirirenso. Mizu imatuluka pakati pa masabata 3 ndi 6. Mukakoka pang'ono kanthambi n'kumakana, kagwira.

Achimwene Munga: Kodi ndi Easter cactus yeniyeni? Yake mfundo zimakhala zozungulira m'mbali, zili ndi timaubweya kunsonga, maluwa ngati nyenyezi otseka usiku. Ngati m'mbali muli timano tosongoka, ndi ija amagulitsa nthawi ya Khirisimasi.

Wofunsa: Timaubweyato tilipo. Ndimathirira m'mawa uliwonse, koma ana aja amandisokoneza.

Bambo Dothi: M'mawa uliwonse?! Kanthambi kopanda mizu sikamwa madzi, kamangokhala m'matope. Ndipo feteleza osayika mpaka mfundo zatsopano zioneke.

Mayi Wamaluwa: Nanga potiyo ili ndi mabowo kunsi?

Wofunsa: Ndi kapu yadongo yokongola, bowo ilibe.

Mayi Wamaluwa: Ndi pamenepo. Pezani kapoti ka masentimita 8 kamabowo, mubzalemo tinthambi titatu. Towola kale thyolani pamfundo ya pamwamba yomwe ili yolimba, muumitsenso bala.