Mwambi uja wa "amanamizira kutilipira" umanena za chani kwenikweni?

Wa ku Dedza: Abale ndithandizeni. Dzulo msuweni wanga amadandaula za bwana wake wochedwetsa malipiro ndiye akuti "iwo akunamizira kutilipira, ife tikunamizira kugwira ntchito", malume anamudula pomwepo kuti iwe mawu amenewo suwadziwa, ndi nthabwala ya ku Soviet Union ndipo sinena za malipiro ochedwa ayi. Nanga imanena za chani?

Nachisale: Eee mwandikumbutsa agogo anga a ku Angonia. Nthawi ya Samora Machel ku Mozambique, chipani cholamula cha Frelimo chitalengeza mu 1977 kuti chikutsata Marx ndi Lenin ngati Soviet Union, kunali masitolo a boma otchedwa loja do povo, agogo amati umadzuka tambala woyamba ndalama utamangira pansonga ya chitenje kukaima pamzere, pofika kutsogolo sopo watha mchere watha, nkubwerera mfundo ija isanamasulidwe. Akulipira inde koma ugula nazo chani? Malume anu akunena zimenezo.

Mphunzitsi wopuma: Ayi mayi, nkhani yake ndi ulesi basi. Boma likamalemba ntchito aliyense, wolimbikira ndi wogona nkumalandira zofanana, angatulutse thukuta ndani?

Mwana wa ku Tete: Bambo anga aang'ono anakagwira ku East Germany pa mgwirizano wa 1979 wa dzikolo ndi Mozambique, iwo amakonda nthabwala iyi, munthu walowa musitolo akuti mulibe nyama? wogulitsa akuti ayi bambo kuno ndi kopanda nsomba, kopanda nyama ndi tsidya la msewu uko. Amaseka mpaka misozi. Kumeneko galimoto ya Trabant umalembetsa nkudikira zaka zoposa 10. Koma aphunzitsi, iwo sankanamizira ayi, anakhetsadi thukuta mufakitale, gawo la malipiro nkumatumizidwa ku boma la Mozambique, mpaka pano ma Madgermanes, omwe anakagwira ntchito ku East Germany aja, akuyendabe m'misewu ya Maputo kufuna ndalama zawo.

Mphunzitsi wopuma: Za bambo anuzo nzomvetsa chisoni mwanawe koma ine ndili pomwepo. Mafakitale ankangothamangitsa chiwerengero cha katundu cha pulani ya boma ya zaka 5, katundu kaya ndi wabwino kaya ayi zinalibe ntchito. Si ulesi umenewo?

Nachisale: Ulesi wake uti aphunzitsi? Agogo anawasamutsira ku mudzi wa boma, munda nkutsala kutali, amayenda mtunda tsiku ndi tsiku khasu lili paphewa.

Mphunzitsi wopuma: Ndikunena za ogwira ntchito m'boma, alimi ayi. Ndipo vuto ndi ana a masiku anowa, angotola mawu pa TikTok nkumawaponya paliponse osafunsa akuluakulu, ukawapatsa moni akuti bho bho, mwambi umodzi wa kwawo sangaumalize.

Wa ku Dedza: Komatu Soviet Union inatha mu 1991 msuweni wangayo asanabadwe, akanazimva kwa ndani? Malume omwewo anangomukalipira osafotokoza. Ndiye ndikamuuze ziti, za ulesi kapena za sitolo?

Mphunzitsi wopuma: Za ulesi.

Nachisale: Musawamvere, kafunseninso malume.