Kodi Rothschild ameneyu anali ndani?

wapagreenhouse:
Abale ndithandizeni. Ndili ku Israel kuno ndimagwira pa famu, Loweruka tinapita kokayenda ku Ramat HaNadiv pafupi ndi Zikhron Ya'akov, dimba lalikulu lamaluwa pakati pake pali manda a munthu ndi mkazi wake. Akuti Baron Edmond de Rothschild. Ku Tel Aviv nako kuli msewu wa dzina lomwelo. Anachita chani bamboyu kuti alemekezedwe chonchi?

chitsulo_chanjanji:
Ameneyo anali mpondamatiki wa ku France achimwene, wobadwa 1845 m'banja lija la mabanki, koma iye zabanki sankazikonda kwenikweni ankangotolera zojambula. Ndiye 1881 ataphedwa mfumu ya Russia Alexander II Ayuda kumeneko anayamba kuphedwa ndi kuwotcheredwa nyumba, ena anathawira ku Palestine nthawiyo kukulamulidwa ndi Aturuki, nkutsegula mudzi wa Rishon LeZion mu 1882 koma sipanatenge nthawi ndalama zinatha, madzi kunalibe, ulimi womwe samaudziwa. Anatuma munthu ku Paris kukapempha ndipo Baron anapereka ndalama zokumbira chitsime koma anati dzina langa musalitchule, mpake ankangomutcha HaNadiv kutanthauza wopereka uja. Zikhron Ya'akov munapitayo ndi dzina la bambo ake James (Ya'akov m'Chiheberi), mudzi wa Mazkeret Batya la mayi ake, wa Binyamina lake lomwe la Chiheberi. Anamwalira ku France 1934, mafupa anadzawasamutsira kumanda munawaonawo 1954.

mayi_awiri:
Koma musamuyeretse kwambiri. Ndalama amapereka inde koma amatumizanso makapitawo ake kudzalamula chilichonse, chodzala, kogulitsa, ngakhale mlendo woti agone m'mudzimo. Mlimi ankalandira kandalama pamwezi ngati waganyu pamunda woti ndi wake. Ku Rishon anthu anafika poukira kapitawo mu 1887 ndipo Baron anakwiya zedi. Mphesa anawakakamiza kulima, iye nkumagula pamtengo wokwera kuposa wapamsika, nde pomwe midziyo inapita m'manja mwa JCA, bungwe lothandiza Ayuda kukhazikitsa midzi ya ulimi, cha mu 1900 mitengo itabwerera pake anthu analira, ena mpaka kuzula mphesazo.

chitsulo_chanjanji:
Zoona mayi koma popanda iye midzi imeneyo ikanafa ndi njala ndi malungo basi. Ndipo vinyo wa Carmel anayambira pa mosungira vinyo momwe iye anamanga, mpaka lero alipo. Zina zinakanika ndithu ngati fakitale ya mabotolo ku Tantura, sinakhalitse.

wakumpoto77:
Nonse mwasiya mbali ina. Malowo sanali opanda anthu. Ambiri ankagulidwa kwa eni malo olemera, alimi amene ankalima pamenepo kwa zaka nkuuzidwa kuti chokani. Ku Metula mu 1896 zinachitikira mabanja a Druze (anthu olankhula Chiarabu koma a chipembedzo chawochawo), pepala linali lovomerezeka koma munda unawachoka. Nde ukafunsa Mpalestina za Baron yankho lake silingafane ndi zomwe zalembedwa padimba paja. Chinanso chodabwitsa, Theodor Herzl, mtsogoleri wa gulu lofuna kuti Ayuda akhale ndi dziko lawolawo, atabwera kwa iye mu 1896 ndi maganizo amenewo, Baron yemweyo anamukana, ankaopa kuti phokoso likwiyitsa Aturuki, iye amafuna kugula mwakachetechete pang'onopang'ono.

wapagreenhouse:
Eee zikomo nonse, ine ndimangojambula maluwa osadziwa kanthu. Za Metula ndimufunsa mnzanga wa Chidruze amene amayendetsa thirakitala pano, kaya andiyankha bwanji.