"Mphini yobwereza imawala": kodi akuluakulu ankanena mphini iti?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi woti "mphini yobwereza imawala" timaugwiritsa ntchito munthu akamabwereza malangizo kuti amveke. Koma kodi mphini yake ndi iti, yodzikongoletsera kapena yotemera mankhwala? Ndafunsa chifukwa azaumoyo kusikelo amaunena polimbikitsa amayi kubwera ndi ana kudzabayitsa katemera wachiwiri wa chikuku. Kodi sakuukhotetsa?

Yankho loyamba: Mwanawe, ine ndinakula ndikumva kuti ndi yokongoletsa ija. Amayi akale ankatema pankhope n'kupakamo makala. Yotema kamodzi inkazimirira, yobwereza ndiyo inkaoneka patali. Tanthauzo lake ndi loti chinthu chimakhazikika ukachibwereza.

Yankho lachiwiri: Zoona mayi, ndipo azaumoyowo sanalakwe. Ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale. Pakati pa maselo oyera a m'magazi pali ena otchedwa B, amene amabadwira m'mafuta a m'mafupa. Kachilombo kakalowa m'thupi, selo ya B yomwe ikugwirizana ndi maonekedwe ake imakagwira, kenako imayamba kuchulukana. Zambiri zimachitikira m'timabuwa tija timatupa m'khwapa kapena mphechepeche, timati mwanabele. Ena mwa maselowa amasanduka opanga ma antibody, timapuloteni tooneka ngati chilembo Y, tomwe timamatirira pa kachilomboko kuti kalephere kulowa m'maselo athu komanso kuti maselo oyera ena akameze. Ulendo woyamba ntchitoyi imatenga sabata imodzi kapena awiri, n'chifukwa chake munthu amayamba wadwala. Koma maselo ena amatsala ngati okumbukira. Kachilombo komweko kakabweranso, ma antibody amatuluka m'masiku ochepa, ochuluka, ndiponso ogwira mwamphamvu kuposa oyamba aja. Katemera wa kafumbata amabwerezedwa pa chifukwa chimenechi.

Yankho lachitatu: Aphunzitsi, ndionjezepo za chikuku. Woyamba timabaya pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15. Pa miyezi 9 ana ena amakhala akadali ndi ma antibody omwe analandira kwa mayi awo ali m'mimba, ndipo amenewa amatha kulepheretsa katemera kugwira. Ana pafupifupi 85 mwa 100 ndi amene amatetezeka ndi woyambayo. Wachiwiri ndi wopulumutsa otsalawo, choncho musamuphonye.

Wofunsa: Zikomo nonse. Koma ndikadafuna kumva kwa a ku Dedza kapena ku Chipata: kwanuko mumati "imawala" kapena pali mawu ena omalizira mwambiwu?