Manijala akufuna kuchoka ndalama zopulumutsira SACCO zisanalowe

Wapampando wa komiti yoyang'anira, SACCO ya alimi a tiyi, Mulanje:

Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru zanu bodi yathu isanakumane Lachisanu. SACCO yathu, bungwe losungirako ndi kubwerekako ndalama, imene mamembala ake ambiri ndi alimi ang'onoang'ono a tiyi ndi anthu othyola tiyi m'maesiteti, yakhala ikulephera kupatsa mamembala ndalama zawo akabwera kudzatapa. Bungwe lina lavomera kutibwereka ndalama kuti tiimenso, ndipo amene adzabweze ngongoleyo ndi mamembala omwewo, chifukwa kwa zaka zingapo sadzaona phindu la masheya awo. Sabata yomwe ino manijala wapereka kalata yosiya ntchito, ndipo akufuna gratuity yake yonse (ndalama yolandira posiya ntchito) pamodzi ndi bonasi imene bodi inamulonjeza. Iye akuti chinatigwetsa ndi namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 ndi kuchepetsedwa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho. Za Freddy sindikutsutsa, pakuti minda ya mamembala athu a ku Muloza ndinaiona ndi maso anga. Koma m'mafayilo tapezamo ngongole zikuluzikulu zingapo zimene zinapita kwa achibale a anthu a m'bodi popanda chikole, ndipo zina zinavomerezedwa tsiku lomwelo limene anazipempha. Bodi ikuti timulole apite mwaulemu kuti otibwereka asachite mantha. Kodi komiti yanga ichitepo chiyani?

Wowerengera ndalama wopuma pantchito, Thyolo Boma:

Bambo wapampando, chofunika koposa ndi chakuti Lachisanulo pasasayinidwe pepala lililonse lonena kuti manijala wachoka alibe mlandu, ndiponso bonasi isatuluke. Zimene zimasayinidwa mothamanga pa nthawi yopulumutsa bungwe n'zovuta kuzimasula. Mu Okutobala 2008 boma la Britain linalowererapo kupulumutsa Royal Bank of Scotland, ndipo ndalama za okhoma msonkho zimene zinalowa m'bankiyo zinafika mapaundi pafupifupi 45 biliyoni. Mkulu wa bankiyo, Fred Goodwin, anachoka m'masiku omwewo atagwirizana kuti azilandira penshoni ya mapaundi pafupifupi 700,000 pa chaka. Anthu atadziwa anakwiya kwambiri, koma boma linapeza kuti manja ake ndi omangika ndi pangano limene linali litachitika kale. Mu 2009 mwini wakeyo ndiye anavomera kuti penshoniyo ichepetsedwe kufika pafupifupi theka, ndipo mu 2012 anamulanda ulemu wa Sir, koma kundende sanapiteko. Ku America nako kampani ya inshuwalansi ya AIG, itapulumutsidwa ndi boma, inagawa mabonasi a madola 165 miliyoni mu Marichi 2009 ponena kuti makontirakiti anali atasayinidwa kale. Ngati maboma amphamvu chotero anagonja kwa pepala losayinidwa, SACCO ya pansi pa phiri la Mulanje sidzatha kubweza ndalama imene yatuluka kale.

Manijala wa SACCO ina, Luchenza:

Ndikugwirizana nanu, bambo, pa za bonasi, koma mundilole ndilankhule monga munthu wokhala pa mpando wofanana ndi wa amene mukumukambayo. Manijala salemba ntchito bodi, bodi ndiyo imalemba manijala, ndipo wapampando wa bodi akabwera ndi fomu ya mlamu wake n'kunena kuti ithamangitsidwe, pamafunika mtima wolimba kuti ukane uli ndi ana pasukulu. Sindikunena kuti alibe mlandu. Nkhawa yanga ndi yakuti bodi ikufulumira kumutsanzika chifukwa akachoka mwamtendere apita ndi zonse zimene akudziwa, ndipo zinthu zikadzaipa adzakhala iye yekha wosenza katundu wa anthu ambiri. Ku America, pa mavuto onse a zachuma a 2008, wa m'mabanki akuluakulu a ku Wall Street amene amatchulidwa kuti anamangidwa ndi Kareem Serageldin wa banki ya Credit Suisse, amene analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 30, koma iye sanali mkulu wa bankiyo.

Musamalenso lamulo la ntchito. Munthu sachotsedwa popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo mukadumpha zimenezi adzakusumirani ku khoti la nkhani za ntchito, Industrial Relations Court, ku Blantyre, mamembala n'kulipiranso chipukuta misozi pamwamba pa ngongole. Malipiro ake a mwezi ndi penshoni musazikhudze loya asanakuunikireni.

Mayi wofufuza mabuku a ndalama, Bvumbwe:

Achimwene a ku Luchenza anena zoona, ndipo njira yoti nkhaniyi isakhale ya munthu mmodzi ili m'mafayilo momwemo. Bambo wapampando, gawani ngongole zosabwezedwazo milu iwiri. Mulu woyamba ndi wa mamembala amene anabwereka motsata ndondomeko, anali kubweza bwino, kenako anasiya madzi atakokolola minda kapena feteleza atakwera mtengo. Pamenepo palibe woimbidwa mlandu, ndipo manijala akuyenera kumva kuchokera kwa inu kuti simukumuimba mlandu wa mvula. Mulu wachiwiri ndi wa ngongole zimene zinaphwanya ndondomeko tsiku limene zinatuluka. Pa iliyonse lembani tsiku lopempha, tsiku lovomereza, amene anasayina, chikole chimene chinayenera kukhalapo, ubale wa wobwerekayo ndi munthu wa m'bodi, ndiponso ngati wa m'bodiyo anatuluka m'chipinda pamene ngongoleyo inkakambidwa. Yang'anani makamaka ngati zinasiya kubwezedwa Marichi 2023 asanafike, chifukwa ngati zili choncho, Freddy sakukhudzidwa nazo konse.

Umu ndi mmene anachitira ku Iceland, kumene mabanki atatu akuluakulu anagwa mu Okutobala 2008. Woimira boma pa milandu ya mabankiwo, Ólafur Hauksson, anali mkulu wa apolisi m'tauni yaing'ono ya Akranes. Sanapite kukhoti ndi mlandu wakuti banki yagwa, pakuti kugwa kwa bizinesi pakokha si mlandu. Anatola zochitika chimodzichimodzi. Pa banki ya Kaupthing anasonyeza kuti munthu wolemera wa ku Qatar amene analengezedwa kuti wagula masheya pafupifupi 5 peresenti mu Seputembala 2008 anawagula ndi ndalama zochokera kubanki yomweyo, n'cholinga choti anthu aziganiza kuti bankiyo ili bwino. Mu Febuluwale 2015 khoti lalikulu la dzikolo linapereka chilango cha zaka 5 ndi theka m'ndende kwa amene anali mkulu wa bankiyo, Hreiðar Már Sigurðsson.

Wapampando wa komiti yoyang'anira, Mulanje:

Zikomo kwambiri, mayi. Milu iwiriyo tiyamba mawa m'mawa. Zovuta zilipo ziwiri. Buku la maminitsi lili m'manja mwa mlembi wa bodi, ndipo za m'kompyuta amene amazitsegula ndi manijala yekha. Chachiwiri, a bodi akuti mamembala akamva za ngongolezi adzabwera onse tsiku limodzi kudzatapa ndalama, otibwereka n'kubwerera m'mbuyo, ife a komiti n'kukhala amene tapha SACCO.

Mayi wofufuza mabuku a ndalama, Bvumbwe:

Komiti yanu inasankhidwa ndi mamembala, osati ndi bodi, choncho pemphani buku la maminitsi ndi kalata yokhala ndi tsiku, ndipo akakana, kukanako kulowe m'lipoti lanu. Za m'kompyuta zikoperedwe inu muli pomwepo, manijala asayine kuti n'zimene zinalimo tsikulo, chifukwa zimenezi zimutetezanso iyeyo wina akadzafuna kusintha manambala.

Wowerengera ndalama wopuma pantchito, Thyolo Boma:

Mantha a bodi ndikuwamva, koma otibwereka akadzazitulukira okha pambuyo pake ndiye adzathawe n'komwe. Auzeni inu, muli ndi milu iwiriyo m'manja, ndipo muwapemphe kuti aike m'pangano mfundo yakuti ngongole za mulu wachiwiri zitoleredwe kwa eni ake, ndi kuti bonasi ya aliyense iime kufikira kafukufuku atatha. Lembaninso kalata kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, amene amayang'anira ma SACCO pansi pa Financial Cooperatives Act ya 2011. Bodi imene ikukhudzidwa singadziweruze yokha.

Tonse tikukumbukira za Malawi Savings Bank mu 2015, pamene boma linasenza ngongole zosabwezedwa za pafupifupi K6 biliyoni bankiyo isanagulitsidwe kwa FDH. Chimene chinapweteka anthu chinali chakuti ngongole za anthu ochepa zinasanduka katundu wa wokhoma msonkho aliyense. Mayi wothyola tiyi amene amadulidwa ndalama ya masheya pa malipiro ake mwezi uliwonse akuyembekezera zomwezo ngati mulu wachiwiri ulowa mwakachetechete m'ngongole yopulumutsira. Ku South Africa, banki ya VBS itagwa mu 2018, amene anali mkulu wa zachuma, Phillip Truter, anavomera mlandu n'kugwirizana ndi boma kuti apereke umboni, ndipo amene anali wapampando, Tshifhiwa Matodzi, anapatsidwa zaka 15 m'ndende mu 2024. Manijala wanu mumusunge pafupi ndipo mumumve bwino, chifukwa mwina ndiye mboni yanu yaikulu.

Manijala wa SACCO ina, Luchenza:

Ngati mudzamumva, mumumve anthu a m'bodi palibe, ndipo mumulole kubwera ndi munthu womuperekeza.

Wapampando wa komiti yoyang'anira, Mulanje:

Ndamva zonse. Makalata opita kwa mlembi wa bodi ndi kwa Registrar ndalemba usiku uno, ndipo Lachisanu komiti idzapempha kuti nkhani ya gratuity ndi bonasi iyembekezere lipoti lathu, kenako tiitanitse msonkhano wapadera wa mamembala. Ndiyeneranso kukuuzani chimene ndapeza pobwereza mafayilo madzulo ano: pa imodzi mwa ngongole za mulu wachiwiri, amene anaikira umboni wobwerekayo ndi mwana wa mlongo wanga. Sindinkadziwa, koma zimenezo si zoti ndidziweruze ndekha. Ndalemba ubale umenewu pa tsamba loyamba la lipoti, ndipo fayilo imeneyo ndapereka kwa mamembala awiri ena a komiti kuti aiunike ine kulibe.